Mtsuko wa Apongozi pa Msewu wa ku Karonga

Ine ndine mkamwini. Ndinakwatira kwa Mwambo, m'mudzi wina wa m'mphepete mwa Chilwa, ndipo ndakhalako mpaka imvi zayamba kutuluka. Ntchito yanga ndi kulima mpunga, koma masiku ena ndimatsegula kanyumba kathu kosungira zinthu zakale, kamene tinamanga pafupi ndi sukulu ya pulayimale. Alendo amakatcha myuziyamu, ife timangoti kunyumba ya zakale. Muli miono, ng'oma za tchopa, makasu osula pamanja, ndi mtsuko wa apongozi anga.

Mtsukowo ndi waukulu, umandifika m'chiuno. Apongozi anauumba chaka china nyanja itauma, ndi dongo limene anakakumba pamalo amene masiku onse pamayenda mabwato. Pansi ndi wakuda, m'mapewa ndi wofiirira, ndipo m'khosi mwake anautema timizere tofanana ndi mphini zimene amayi awo anali nazo kumaso. Ine ndi apongozi timalemekezana mwa kale. Sitidyera pamodzi, sitichezerana, tikakumana panjira wina amapatuka. Akakhala ndi mawu amatuma mkazi wanga Feliya, inenso chimodzimodzi.

Tsiku lina kunabwera Mayi Mwalwanda, amene amayang'anira myuziyamu ina ku Karonga. Anauzungulira mtsukowo kangapo, kenaka anapempha kuti tiwabwereke miyezi ingapo ukakhale pa chionetsero cha oumba mbiya a m'dziko lonse. Komiti yathu inavomera. Apongozi nawonso anavomera, koma anati woperekeza ndikhale ine. Ndinayamba kudzimva, mpaka Feliya anandifotokozera chifukwa chake.

"Akuti mlendo akauswa apepesa n'kupita kwawo. Koma inu mukauswa mubwera konkuno."

Mayi Mwalwanda anandisiyira malangizo ochepa. Bokosi lonyamulira mtsukowo lisachoke pamaso panga, lisanyowe, ndipo lisatsegulidwe mpaka litafika m'manja mwawo. Galimoto ya kwawo ndiyo imayenera kudzatitenga, koma mwezi umenewo mafuta anavuta paliponse, choncho anandiimbira foni kuti ndiyende mmene ndingathere, iwo alipira ulendo.

Bokosi anakhoma a Waisoni, mmisiri yekhayo wa matabwa m'dera lathu. Tinagwirizana kuti mtsuko ugone cham'mbali pa mankhusu a mpunga, ndiye bokosilo linayenera kukhala lalitali. Chimene sindinaganizire n'chakuti a Waisoni ntchito imene manja awo anazolowera ndi ya mabokosi a maliro. Analipala bwinobwino, analipaka vanishi, naikanso zogwirira zonyezimira mbali zonse ziwiri. Anati katundu wopita kutali asatichititse manyazi. Tinathira mankhusu a ku chigayo, tinaukuta mtsukowo ndi mabulangete akale, tinadzazanso mankhusu m'kati mwake ndi pamwamba, n'kumanga chivindikiro ndi masikuluwu. Ine ndinavala jekete langa lakuda, lokhalo limene ndili nalo.

Mvula inali itagwa sabata yonse ndipo msewu wa kumudzi kwathu galimoto sikanalowa. Amuna anayi ananyamula bokosilo kukalifikitsa pamsewu waukulu, ine ndikuyenda pambuyo, nkhope ili gwa chifukwa cha mantha. Anthu amene ankapalira m'minda anaika makasu pansi. Bambo wina wa panjinga anatsika n'kuvula chipewa. Onyamulawo anayamba kugwedezeka ndi phwete, ndipo ndinawapempha kuti ngati akufuna kuseka ayambe alitula pansi.

Pamsewu ankatidikira Che Yusufu, amene amagula matemba kunyanja n'kukagulitsa ku Lilongwe pa pikapu yake yoyera. Ndi munthu wamfupi, wokonda nkhani, ndipo tinadziwana kalekale kudoko. Anali atakonza kale malo pakati pa madengu a matemba kuti bokosi lisagundike. Anandiuza kuti ndikhale kutsogolo, ndinakana. Ndinakwera kumbuyo, ndinakhala padengu, dzanja limodzi pabokosi.

Kuchoka kumeneko kukafika ku Zomba msewu unali zigwembe zokhazokha. Galimoto ikagwera m'dzenje ndinkamva ngati chasweka ndi chifuwa changa. Ndinagogoda pagalasi kangapo kuti achepetse liwiro, mpaka Che Yusufu anaima n'kundiuza kuti akachepetsanso tidutsidwa ndi akamba. Titalowa m'tala mtima unatsikako. Pa Songani tinaima kuti agule tomato wa alamu ake a ku Lilongwe. Amayi ogulitsa anathamangira galimoto ndi mabeseni pamutu monga amachitira, koma atawona bokosi ndi jekete langa anabwerera mwakachetechete. Mmodzi anabweranso, anandipatsa nthochi, nandiuza kuti ndilimbe mtima. Ndinafuna kufotokoza koma galimoto inali itanyamuka, ndipo nthochizo zinali zakupsa bwino.

Pa rodibuloko ya ku Liwonde wapolisi anabwera kudzayang'ana kumbuyo. Anaona bokosi, anaona ine, anaonanso madengu a matemba, n'kufunsa Che Yusufu ngati alibe chisoni kunyamula munthu pamodzi ndi ndiwo. Apa ndinatsika n'kufotokoza zonse, ndinamuonetsa kalata ya ku Karonga ndi chithunzi cha mtsuko pafoni. Anaitana anzake kuti adzaone. Wina wa iwo anati agogo ake ku Phalombe ankaumba yotere, ndipo madzi ake ankazizira kuposa a m'filiji. Tinakhalapo kanthawi akukambirana za mitsuko ya kwawo, magalimoto akuunjikana kumbuyo kwathu.

Ku Balaka ndiko tinataya tsiku. Mafuta anatsala pang'ono, ndipo pamalo omwetsera panali mzere wofika kuseri kwa msika. Ankati thanki ikubwera. Tinalowa pamzere dzuwa lili pamutu. Che Yusufu anapita kumzikiti n'kubwerera, anapita kukadya n'kubwerera, ine ndili pomwepo chifukwa bokosi silimayenera kuchoka pamaso panga. Anandigulira chimanga chowotcha ndi thobwa. Thobwalo ndinalimwa mosaganiza, ndipo patapita nthawi ndinayenera kusankha pakati pa lamulo la Mayi Mwalwanda ndi lamulo la thupi. Che Yusufu analumbira kuti akhala pabokosi ngati nkhuku pamazira. Nditabwerera ndinamupeza atakhaladi pamwamba pake, miyendo ili lendelende, akucheza ndi madalaivala anzake. Ndinamutsitsa mofulumira kwambiri moti anakhumudwa.

Pamzerepo madalaivala ena anauza Che Yusufu kuti galimoto ya maliro siyenera kudikira, apite kutsogolo aliyense amvetsa. Anandiyang'ana, maso akuwala. Ndinamuuza kuti apongozi anga ali moyo, ndipo sindingawalirire pofuna dizilo. Anati ndine munthu wovuta kuyenda naye, koma anaseka, ndipo tinadikira mpaka thanki inafika chakumadzulo.

Feliya anaimba tili ku Ntcheu. Anati amayi akufunsa ngati mtsuko uli bwino. Ndinati uli bwino. Ndinamva mawu a apongozi chapatali akulankhula, kenaka Feliya anati akufunsa kuti ndadziwa bwanji poti bokosi n'lotseka.

Tinagona ku Dedza kwa mnzake wa Che Yusufu, bokosi m'chipinda, ine pamphasa pambali pake. M'mawa kunazizira kwambiri ndipo galimoto inakana kulira. Tinaikankha potsetsereka, ine, mwini nyumba ndi anthu awiri odutsa, bokosi tisanakweze. Inalira, koma Che Yusufu anaopa kuizimitsa, choncho anapita kukatembenukira kutali n'kubwera, ife tikudikira ndi bokosi pamsewu ngati anamfedwa osowa thiransipoti. Mayi wina wopita kumunda anagwada chapatali n'kufunsa kuti zachitika liti.

Tisanafike ku Nathenje mvula inayamba. Che Yusufu anali ndi lona imodzi yokha, ndipo inali ya matemba ake. Matemba akanyowa ndiye kuti malonda atha. Anatsika, anayang'ana kumwamba, anayang'ana madengu, kenaka anakoka lona n'kufunditsa bokosi. Madengu amene anatsala panja tinawalowetsa kutsogolo, ena pampando, ena pamiyendo yake. Ine ndinalowa pansi pa lona pamodzi ndi bokosi. Tinalowa mu Lilongwe galimoto yonse ikununkha matemba, jekete langa likununkha matemba, ndipo fungolo ndinafika nalo ku Karonga.

Che Yusufu ulendo wake unathera pomwepo. Ananditula kudepoti, anandithandiza kupeza basi ya ku Mzuzu, ndipo potsanzikana anagogoda pabokosi n'kunena kuti ayende bwino amayiwo.

Kondakitala wa basiyo anali mnyamata wamtali wovala magalasi akuda. Anati katundu yense amalowa kunsi. Ndinasuzumira kunsiko ndipo ndinaona matumba a simenti, injini ya chigayo ndi njinga. Ndinakana. Tinakanganapo nthawi yaitali, iye akuti basi si ya bambo anga, ine ndikuti mtsuko ndi wa apongozi anga. Pomaliza tinagwirizana kuti ndilipirire mipando ya kumbuyo kwenikweni, bokosi ligone pamenepo, ine ndikhale kumapeto kwake.

Vuto linayamba polilowetsa. Anthu amene anali atakhala kale anaimirira. Bambo wina wonenepa, wamalonda a nsalu, ananena kuti iye sanalipire kuti ayende ndi mtembo, ndipo akufuna ndalama zake. Ena anamuvomereza. Ndinakweza foni m'mwamba kuonetsa chithunzi, koma iye anati chithunzi aliyense angathe kukhala nacho, nditsegule aone. Ndinati sindingatsegule. Iye anatembenukira anthuwo nati mwamva.

Amene anandipulumutsa ndi mayi wina wachikulire wa ku Rumphi, anthu ankamuitana NyaGondwe, amene ankachokera kukaona mdzukulu wobadwa kumene. Anadzuka pampando wake, anabwera kumbuyo, anawerama n'kununkhiza bokosi.

"Muno muli matemba ndi vanishi," anatero. "Ine ndasambitsapo mitembo yambiri. Khalani pansi tizipita."

Anakhala yekha pampando woyandikana ndi bokosi, ndipo enawo anachita manyazi n'kukhala. Basi sinanyamuke msanga. Inadikira kudzaza, inatuluka m'depoti, inabwereranso kudzatenga anthu ena. M'busa wina analowa kulalikira za imfa yodzidzimutsa akuyang'ana kumbuyo kwathu, ndipo chopereka chake tsiku limenelo chinayenda bwino.

NyaGondwe anali wocheza. Anandifunsa za kwathu, za mpunga, za nyanja imene imauma n'kubwereranso. Sanamvetse kuti mwamuna wamkulu ngati ine ndimakhala kwa mkazi. Anati kwawo mkazi ndiye amapita kwa mwamuna, ng'ombe zitaperekedwa. Ndinamuuza kuti kwathu ng'ombe zake ndi ifeyo, ndipo anaseka mpaka kutsokomola.

Titadutsa Mponela ndinamva kaphokoso. Kanali kochepa, khwe khwe khwe, kochokera m'bokosi. Ndinaganiza kuti mtsuko wang'aluka ndipo mapale akukhulana. Ndinaika khutu pachivindikiro, phokoso linasiya. Nditakhala tsonga linayambanso. NyaGondwe nayenso anamva. Mtsikana wa sukulu amene anakhala kutsogolo kwathu anamva, anatembenuka, n'kuuza mnzake, ndipo mawuwo anayenda mpando ndi mpando mpaka anafika kwa bambo wa nsalu uja. Iye anaimirira n'kulengeza kuti zimene ankanena zija ndi zimenezi, munthuyo wadzuka. Anthu a mipando ya kumbuyo anasamukira kutsogolo, dalaivala anakalipa kuti basi ikupendekeka, mwana wina anayamba kulira.

Ine sindinkaopa mzukwa. Ndinkaona njira ya kumudzi, ndi ine ndikuyendamo nditanyamula mapale m'thumba.

Pa Kasungu basi inaima kuti anthu adye, ndipo kondakitala anandiuza kuti bokosi likapanda kutsegulidwa nditsala pomwepo. Ndinaimbira Mayi Mwalwanda. Anamvetsera mpaka ndinamaliza, anafunsa ngati phokosolo likumveka basi ikagwedezeka kapena ngakhale itaima. Ndinati ngakhale itaima. Ndinazindikira kuti akudziletsa kuseka. Anati nditsegule, koma ndiwaimbire pa vidiyo kuti aziona, ndipo mtsuko ndisautulutse.

Tinalitsitsira pamthunzi wa khonde la sitolo. Kondakitala anabweretsa sikuludalaiva, NyaGondwe anagwira foni, basi yonse inatizungulira chapatali ndithu. Ndinamasula pang'onopang'ono. Nditangotukula chivindikiro, kakhoswe konenepa kanatulutsa mutu m'mankhusu, kanatiyang'ana tonse, kanadumpha n'kudutsa pakati pa miyendo ya bambo wa nsalu. Bamboyo analumpha kuposa msinkhu wake. Anyamata ogulitsa tchipisi anakathamangitsa poganiza kuti ndi mbewa, atazindikira kuti ndi khoswe anabwerera okhumudwa.

Kanalowa ndi mankhusu a ku chigayo aja, ndipo kanayenda ulendo wonse kali m'nkhokwe yakeyake. Ndinafukula pang'ono, ndinapisa dzanja pansi pa bulangete, ndinasisita khosi la mtsuko, mapewa ake, mimba yake. Unali wosalala paliponse. Mayi Mwalwanda anati ndiugogode pang'ono ndi chala. Unalira mawu ake onse, osasasa. Ndinakhala pansi pakhondepo.

Anthu anayandikira tsopano, aliyense akufuna kuona. Anangoona khosi lokha ndi mphini zake, koma anayamba kufotokozerana za mitsuko ya amayi awo. Bambo wa nsalu anandigulira fanta, ndipo pokweza bokosi m'basi anagwira chogwirira chimodzi ndi iyeyo. Kuchoka pamenepo basi inasanduka ya pachibale. Dalaivala akayandikira dzenje, anthu a kutsogolo ankamuchenjeza kuti pang'onopang'ono, kumbuyo kuli apongozi. Pa Jenda amayi ena anandigawira mbatata yophika. M'nkhalango ya Chikangawa munali nkhungu, basi inkangokwawa, ndipo palibe anadandaula.

Ku Mzuzu NyaGondwe sanalole kuti ndikafune malo ogona. Anaitana mwana wa mchemwali wake amene ali ndi sitolo pafupi ndi depoti, ndipo ndinagona kumeneko ndi bokosi langa. M'mawa anandiperekeza ku minibasi ya ku Karonga, anakalipira kondakitala m'Chitumbuka mpaka anachotsa mpando umodzi kuti bokosi likwane, kenaka anapita kukakwera ya kwawo. Sindinamuonenso, koma amaimba nthawi zina kufunsa ngati mpunga wacha.

Za msewu wa ku Chiweta anthu anali atandiuza, koma kumva n'kwina. Msewu umatsika phiri mokhotakhota, mbali ina thanthwe, mbali ina phompho. Anzanga ankaloza anyani ndi nyanja kumunsi, ine sindinaone chilichonse. Ndinagwada pansi m'minibasi nditakumbatira bokosi, chipumi chili pachivindikiro. Mayi wina amene anakwerera panjira anandisisita pamsana n'kunena kuti Mulungu ndiye amadziwa. Ndinalibe mphamvu zofotokozera, ndinangoti zikomo.

Tinafika ku Karonga masana, kukutentha ngati kwathu mwezi wa Okutobala. Mayi Mwalwanda ndi anzawo awiri anatsegula bokosi patebulo lalikulu atavala magolovesi. Anachotsa mankhusu ndi manja, anautukula mtsukowo, anauimika, anauyang'ana mbali zonse ndi tochi. Unalibe ngakhale kamng'alu. Anauika pamalo ake pakati pa chipinda, pafupi ndi mbiya za ku Chitipa ndi za ku Nsanje, ndipo kunena zoona unkaoneka bwino kuposa mmene umaonekera kwathu.

Kenaka Mayi Mwalwanda anatenga kakhadi kolembapo dzina la woumba. Anati kwathu kuja anangoona palembedwa kuti Amake Feliya, koma pano akufuna dzina lenileni. Anandiyang'ana, cholembera chili m'manja.

Ndakhala pakhomo pawo zaka zonsezi, ndawalimira, ndawafolerera nyumba, ana anga ndi adzukulu awo, koma dzina lawo sindinkalidziwa. Mkamwini alifunira chiyani dzina la apongozi?

Ndinaimbira Feliya. Choyamba ndinamuuza kuti mtsuko wafika wamphumphu, ndipo ndinamva akuuza amayi ake, ndi nthungululu ya mlamu wanga chapatali. Kenaka ndinafunsa za dzina. Feliya anati kutchalitchi amalembedwa Agnesi. Ndisanabwereze, ndinamva kukangana pang'ono, foni ikuchoka m'manja ena kupita m'manja ena, kenaka kupuma kwa munthu wosazolowera foni.

"Akamwini."

Ndinaimirira. Sindikudziwa chifukwa chake, poti sankandiona, koma ndinaimirira n'kuvula chipewa.

"Wawa, amayi."

"La Agnesi ndi la abusa. Amene anandiphunzitsa kuumba ndi amayi anga, ndiye alembe limene anandipatsa iwowo. Ana awo onse oyamba ankangomwalira ali makanda. Nditabadwa ine anati uyunso ndi yemweyo, n'kunditcha Sakhalitsa."

Ndinabwereza kuti ndimve bwino. Anati eya, lomwelo, ndipo ndiwauze alembe zilembo zikuluzikulu poti anthu ena maso anafooka. Anafunsanso ngati ndadya. Ndinati ndidya. Anati ndidye, kumeneko n'kutali, n'kubweza foni kwa mwana wawo.

Mayi Mwalwanda anali akudikirabe. Ndinawauza dzinalo, analilemba, nandipatsa kakhadiko kuti ndikaike ndekha patsinde pa mtsuko. Ndinakaika, ndinakawongola kuti kasapendekeke. Apongozi anga chaka chino adzalanso mpunga, ndipo ndime yawo amamaliza kupalira ine ndisanamalize yanga.